Lamba akamadyeka mbali imodzi

M'mashopu ogulitsa zipangizo za galimoto pa Kasungu boma, malamba a injini amapachikidwa pa misomali kuseri kwa kauntala, ndipo ndi katundu amene sachedwa pa msomali. Wogulitsa aliyense ali ndi makasitomala ake obwera mwezi ndi mwezi, lamba woduka ali m'manja, mawu ake omwewo: "Mundipatse ngati yemweyu, koma wolimba, osati wa feki uja." Wogulitsa amapereka, ndalama amalandira, onse awiri n'kugwirizana kuti malamba a masiku ano ndi achabechabe. Achabechabewo alipodi pamsika, sindikukana. Koma lamba wa mtengo wapakati, akakhala pa injini imene mapule ake, mawilo achitsulo amene lamba amazungulirapo, ali pa mzere umodzi, amatha zaka. Akamatha m'masabata, makamaka akamadyeka mbali imodzi, vuto lili pa zitsulo zimene akuzungulirapo. Kugula wina ndi kungomupereka kwa zitsulo zomwezo kuti zimudyenso.

Ine ntchito yanga ndi ya zigayo. Ndimakonza injini za dizilo, mamota ndi mapule kuyambira Chinkhoma mpaka Chamama, ndipo kumeneko nkhani ya mzere wa mapule palibe amaitsutsa. Mwini chigayo akaona malamba atatu akudyeka limodzi, amadziwa yekha kuti injini yasuntha pa maziko ake. Chondidabwitsa n'chakuti munthu yemweyo akatsegula boneti ya galimoto yake amaiwala zonsezo, n'kuyamba kutukwana lamba.

Galimoto imene yandilembetsa izi ndi ya atsibweni anga, amene amalima fodya ndi soya cha ku Santhe. Ndi Land Rover Series IIA ya 1966, yaitali ija ya mainchi 109, ya injini ya petulo ya masilinda anayi, 2286cc. Anaigula ku esiteti ina m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa burley ndipo ndalama ya fodya inayamba kufika m'midzi. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, choncho dzimbiri silinaigwire, ngakhale utoto unasuluka kalekale. Imanyamula feteleza, nkhuni, matumba a soya, ndipo m'dzinja misewu ya kumeneko ikasanduka matope, ndi iyo imene anthu amaigogodera usiku mayi woyembekezera akayamba kudwala. Galimoto yotere ikataya lamba panjira, fani ndi pampu ya madzi zimaima nthawi yomweyo, batire imaleka kutchajidwa, ndipo woyendetsa akapanda kuona singano ya kutentha msanga, gasiketi ya hedi imapsa. Mu Okutobala wa ku Kasungu sizitenga mtunda wautali kuti zifike pamenepo.

Kuti mumvetse kumene vuto linachokera, muyenera kudziwa mmene galimotozi zinkatulukira ku fakitale ya Solihull ku England. Series IIA inkabwera ndi dainamo yotchajira batire, ya kampani ya Lucas, mtundu wa C40, imene mphamvu yake yonse ndi ma amp 22, ndipo injini ikamangolira galimoto itaima, kutchaja kwake n'kosaoneka. Mpaka 1967 waya wopita ku bodi unkachokera ku mbali ya positive ya batire. Alternator, chotchajira batire chimene chinalowa m'malo mwa dainamo, inadzabwera ndi Series III mu 1971. Ndiye pafupifupi aliyense wosunga Series IIA kuno anachotsa dainamo, anatembenuza batire, n'kuika alternator yochotsedwa m'galimoto ina, kawirikawiri ya ku Japan. Ndi nzeru yabwino, ndipo inenso ndikanatero. Koma dainamo ndi yaitali, yowonda, makutu ake omangira ali kutalikirana. Alternator ndi yaifupi, yonenepa, makutu ake ali pafupi. Bulaketi ya dainamo siingalandire alternator popanda kusintha kanthu. Mmisiri amene anaika ya atsibweni anapyoza bawuti yaitali, mpata wotsalawo n'kuudzaza ndi manati awiri ndi mulu wa mawasha. Nyali zinayaka, batire inadzaza, ndipo sindingamunyoze munthu amene anachita zimenezo pansi pa mtengo ndi zida zimene anali nazo. Chimene sanayeze ndi malo amene pule inakafikira.

Alternator siikhululuka monga dainamo. Pule yake ndi yaing'ono kuti izithamanga kwambiri, choncho lamba amaikumbatira pang'ono chabe, pomwe mphamvu imene imafuna usiku nyali zonse zikayaka ndi yochuluka. Kupotoka kumene dainamo ikanakupirira, alternator imakuonetsa poyera.

Lamba wa V sagwira ndi pansi pake ayi. Amagwira ndi mbali zake ziwiri, zimene zimapanikizika m'ngalande ya pule, ndipo pansi pa ngalandeyo payenera kutsala mpata. Mbali ziwirizo ziyenera kusenza katundu mofanana. Amene anamangapo ng'ombe pa ngolo akudziwa chimene chimachitika imodzi ikatsogola pang'ono: goli limapendekeka, ndipo pofika madzulo khosi la inzake lanyuka. Pule imodzi ikakhala kutsogolo kapena kumbuyo kwa zinzake, lamba amalowa m'ngalande chammbali, amakhula khoma limodzi polowa, amakhulanso potuluka, kambirimbiri pa mphindi iliyonse. Amatentha, raba imauma, timaulusi ta m'kati timaduka mbali imodzi, ndipo tsiku lina injini ikapondedwa moto pokwera chitunda, lamba amagudubuka n'kugona chagada m'ngalande kapena kudumphiratu. Akampani opanga malamba, monga Gates, amalangiza kuti kupotoka kwa lamba wa V kusapitirire theka la digiri. Pa mapule otalikirana masentimita 30, theka la digiri ndi mamilimita awiri ndi theka basi. Diso la munthu woweramira m'boneti, fani ndi mapaipi zikumutchinga, silingaone zimenezo bwinobwino.

Ndiye musanataye lamba wakale, muwerengeni. Wa atsibweni mbali yoyang'ana ku injini inali yonyezimira, yosalala, yolimba, pomwe mbali yoyang'ana ku rediyeta inali ikadali ndi maonekedwe a raba yatsopano. Pa nkhope ya alternator ndi pa bulaketi panali fumbi lakuda bii, losiyana ndi fumbi lofiira la msewu. Limenelo ndi lamba amene akuperepeseka. Pansi pa pampu ya madzi, pa kabowo kamene madzi amatulukira chisindikizo cha m'kati, chotchinga madzi kuti asadonthe, chikatha, panali mzere wa dzimbiri. Ndipo m'mawa injini ikangolira, pankamveka kaphokoso ka tswi-tswi-tswi kotsatira liwiro la injini. Pali njira yosavuta yosiyanitsira maphokoso awiri amene anthu amawasokoneza. Injini ikulira, mwaima pambali osati moyang'anizana ndi mapiko a fani, malaya mwapisira, wazani timadzi pa lamba. Phokoso likakula, lamba ndi wokhwepa ndipo akuterereka. Likazimirira kwa kanthawi n'kubweranso madzi akauma, ganizirani za mzere.

Sopo ndi kandulo zimene anthu amapaka pa lamba zimagwira ntchito ngati timadzi tomweti, kungoti zimakhalitsa. Zimatseka pakamwa phokoso, kukhula kuja kukupitirira. Oilo ndi mafuta a mabuleki ndiye zimawononga raba yeniyeniyo. Ndimamva chisoni ndikaona mnyamata wa pagalaja akuchita zimenezi pamaso pa mwini galimoto n'kulandira ndalama, chifukwa nayenso anaphunzitsidwa choncho ndi amene anamutsogolera.

Kuyeza kwake kumafuna zinthu zochepa: rula yachitsulo yowongoka kapena chitsulo chilichonse chimene mwatsimikiza kuti n'chowongoka, karula kakang'ono ka mamilimita, choko ndi kawaya kolimba. Rula yokayikitsa igonekeni pa galasi la zenera, muone ngati kuwala kukudutsa pansi. Chotsani waya wa batire, chotsani lamba, chotsani fani koma mubwezere mabawuti ake kuti pule ya pampu ikhale yomangika monga imakhalira poyenda.

Poyambira ndi pule ya crankshaft, shafiti yaikulu ya injini imene imazungulitsa lamba, chifukwa ndi yokhayo imene simungaisunthe. Zina zonse ziyenera kutsatira iyo. Koma musanaikhulupirire, ionetseni kuti siikuvina. Mangani kawaya pa bawuti ina ya injini, nsonga yake itsale pang'ono kukhudza mlomo wa pule, ndiye wina azungulitse injini pang'onopang'ono. Pa Land Rover yakale izi n'zosavuta chifukwa ili ndi hendulo yolizira pamanja. Mpata wa pakati pa waya ndi pule ukamatseguka n'kutsekeka, pule ndi yopindika kapena siinakhale bwino pa shafiti, ndipo kuyeza kwina kulikonse kudzakunamizani. Pa injini zina pule imeneyi ili ndi raba pakati pa zitsulo ziwiri, ndipo raba ikakalamba, chitsulo chakunja chimasuntha chokha. Chitani chimodzimodzi pa pule ya pampu ndi ya alternator. Mapule opangidwa ndi chitsulo chopyapyala amapindika mosavuta, makamaka ngati wina anawakanulapo ndi sikuludiraiva.

Tsopano gonekani rula pa nkhope ya pule ya crankshaft, ikhudze mlomo wa pule malo awiri, nsonga yake ikafike kutsogolo kwa pule ya alternator. Pa Land Rover muilambalalitse dzino la hendulo limene lili pakati. Apa ndi pamene ambiri amasochera. Amaganiza kuti rula ikakhudza mapule onse awiri, ntchito yatha. Koma lamba sayenda pa nkhope ya pule, amayenda m'ngalande, ndipo milomo ya mapule siifanana kukhuthala. Pa galimoto ya atsibweni, kuchokera pa nkhope ya pule ya crankshaft kufika pakati pa ngalande panali mamilimita 11. Pa pule ya alternator panali mamilimita 8. Ndiye kuti ngalande ziwirizo zikhale pa mzere umodzi, nkhope ya alternator iyenera kutsalira kumbuyo kwa rula ndi mamilimita 3. Amene angaikankhe mpaka kukhudza rula waipitiriza kutsogolo ndi mamilimita atatu omwewo, wachotsa vuto lina n'kuika lina.

Mpata umene tinaupeza sunali 3. Ku mlomo woyandikira crankshaft unali 10, ku mlomo wakutali unali 8. Manambala awiriwa akunena zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba, alternator yonse inakhala kumbuyo ndi mamilimita asanu ndi kupitirira. Chachiwiri, inali yopendekeka, mphuno yake itakokedwera ku injini, chifukwa kusiyana kwa mamilimita awiri pa pule yaing'ono ngati imeneyo ndi digiri imodzi ndi theka. Titamasula bawuti yaitali ija, chifukwa chake chinaoneka. Bawutiyo inali yaing'ono pa bowo lake, bowolo linali litakumbika kukhala lozungulira motalika, ndipo mawasha ena anali ataphwatalala, ena atasanduka mbale. Galimoto za ku Britain za nthawi imeneyo zili ndi mabawuti a mainchi, ndipo m'mashopu mwathu mwadzaza a mamilimita. Bawuti ya mamilimita 8 m'bowo la 3/8 ya inchi imasiya mpata wa milimita imodzi ndi theka, ndipo pa msewu wa mabampu mpata umenewo umakula wokha.

Atsibweni anayang'ana mulu wa mawashawo m'dzanja langa n'kunena kuti, "Ndiye tingosuntha awiri kupita kumbuyo, mwana wa mlongo wanga, basi tizipita." Ndinawayankha kuti, "Atsibweni, awiriwo akonza lero, koma akaphwatalalanso musanafike ku Chinkhoma ndi mabelo." Sanakondwe, chifukwa galimoto inayenera kugona pa sitandi, koma anavomera.

Washa mmodzi kapena awiri, osalala ndi olimba, alibe mlandu pomalizitsa muyezo. Mulu wa mawasha ndiwo wolakwika. Sakhala okhuthala mofanana, ena ndi opindika pang'ono, ndipo malo aliwonse amene awiri akumana ndi malo ogwedezekera. Chofunika ndi kapaipi kamodzi kachitsulo chokhuthala, kodulidwa pa lathe, makina osemera zitsulo, kuti mapeto ake onse awiri akhale owongoka ndendende. Kodula ndi sowo yapamanja kamakhala kopendekeka, ndipo mukamanga bawuti kamapendeketsa alternator. M'tauni ya Kasungu muli amisiri a lathe amene amatisemera mashafiti a zigayo, ndipo kapaipi kotere ndi ntchito yaing'ono kwa iwo mukawapatsa muyezo wolembedwa papepala. Tinasemetsa tiwiri, kakafupi kosunthira alternator kutsogolo ndi kakatali kodzaza mpata wa kumbuyo. Bulaketi tinaichotsa pa injini, bowo lokumbikalo analitseka ndi wowotcherera, n'kubowolanso latsopano pa makina obowolera oimirira, makutu onse awiri nthawi imodzi kuti mabowo ayang'anizane. Kuwotcherera bulaketi ili pa galimoto, alternator ili yolumikizidwa, kumatha kupha ma diode a m'kati mwake. Komanso chitsulo chikatentha chimakoka, choncho muyezenso bulaketi ikazizira.

Pali kanthu kena kamene anyamata ambiri sakadziwa. Khutu la kumbuyo la alternator zambiri lili ndi kabushi kotsetsereka. Ntchito yake ndi kudzaza mpata wotsala pamene mukumanga. Khutu la kutsogolo ndi limene limaika pule pamalo pake, ndiye liyenera kugona pa bulaketi kapena pa kapaipi kake kaye, kabushi n'kutsetsereka kokha kukakumana ndi mbali inayo. Kabushi kakagwidwa ndi dzimbiri inu n'kumanga ndi mphamvu, makutu awiriwo amakokedwa kuyandikirana, ndipo aluminiyamu wa makutuwo sapindika, amathyoka. Kamasuleni ndi timafuta musanayambe. Chitsulo chokokera lamba cha pamwamba pa alternator nachonso chiyenera kufika pa khutu lake chili chogona. Chikamafuna kupindidwa ndi dzanja kuti bawuti ilowe, chidzapotoza alternator mukangomanga.

Pampu ya madzi inatiphunzitsa china. Popeza yakale inali itayamba kudontha, atsibweni anali atagula kale yatsopano. Tisanaimange tinaimika ziwirizo pa tebulo, nkhope ya gasiketi pansi, n'kuyeza kutalika mpaka pa chitsulo chimene pule imamangidwapo. Yatsopano inali yofupikirapo ndi mamilimita awiri. Chitsulo chimenecho chimangopanikizidwa pa shafiti ku fakitale, ndipo mapampu opangidwa ndi makampani osiyanasiyana safika malo amodzi. Munthu akhoza kuwongola alternator bwinobwino, n'kumanga pampu yatsopano, lamba n'kuyambanso kudyeka, iye osadziwa kuti wabweretsa yekha kupotoka m'katoni. Pampu ikafupika, mankhwala ake ndi kachitsulo kopyapyala kozungulira, kokhala ndi mabowo a mabawuti onse, koikidwa kuseri kwa pule. Mawasha pa bawuti iliyonse payokha amavinitsa pule. Ikatalika, imafuna makina opanikizira, shafiti itachirikizidwa kumbuyo. Hamala imapha bering'i ndi chisindikizo pampu isanagwire ntchito n'komwe. Mukasuntha pule ya pampu, fani nayo yasuntha, choncho onani mpata wa pakati pa mapiko ake ndi rediyeta. Pampu yakale musataye msanga, ndiyo muyezo wanu.

Za kukoka lamba ndinene mosabisa: taya liva yaphetsa mabering'i ambiri kuposa ukalamba. Lamba akamalira, chizolowezi n'kulowetsa chitsulo chachitali kuseri kwa alternator, wina n'kutsamirapo ndi thupi lonse. Phokoso limachepa, koma katundu yense amapita pa bering'i ya pampu ndi ya kutsogolo kwa alternator, ndipo ngati mapule ndi opotoka, kukokako kumakulitsa kukhula. Pampu ya atsibweni inafa imfa imeneyo. Lamba wokokedwa bwino, mukamudina ndi chala chachikulu pakati pa mapule otalikirana kwambiri, amalowa pafupifupi sentimita imodzi. Watsopano amatamuka pang'ono akangoyamba ntchito, ndiye mumuonenso pakatha ulendo woyamba. Muyezo wa rula muubwerezenso lamba atakokedwa, chifukwa bulaketi yofooka imaoneka yowongoka ilibe katundu n'kupindika ikakokedwa.

Anzanga a zigayo ndiwachenjezeko pa chimodzi. M'mashopu athu muli malamba a A, a mamilimita 13 m'lifupi, ndi a B, a mamilimita 17. Galimoto ikaduka lamba kumudzi, wa A woyandikira kutalika amapezeka msanga, ndipo kuti munthu afike kunyumba palibe cholakwika. Koma ngalande za mapule a galimoto ya atsibweni ndi za lamba wa mamilimita 10. Wa A amakhala pamwamba, theka lake lili kunja, akugwira ndi m'munsi mokha, ndipo pa pule yaing'ono ya alternator amapindika kupyola mmene anapangidwira. Yezaninso ngalande ya alternator yobwerekedwayo, chifukwa siikakamizidwa kufanana ndi zinzake ziwiri. Ikasiyana, kusintha pule yokhayo n'kotheka.

Titamanga zonse, mpata pa rula unali 3 mbali zonse ziwiri, tswi-tswi uja anatha, ndipo fumbi lakuda silinabwerenso pa bulaketi. Chatsala ndi pule ya crankshaft. Siivina, koma zaka zonse zimene malamba opotoka akhala akuikhula zakumba khoma limodzi la ngalande yake. Mukagoneka karula pa khomalo, kuwala kumadutsa pakati, ndipo lamba watsopano akukhala motsikirapo kuposa pa mapule enawo. Pansi pa ngalande sipananyezimire, kusonyeza kuti lamba sanafike pogunda pansi, koma akadzafika adzaterereka ngakhale mutamukoka bwanji. Atsibweni atuma uthenga kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Biwi ku Lilongwe, ndi kwa mnzawo wina amene amapitapita ku Chipata kudzera pa Mchinji. Ndawalembera papepala zoti wogulayo akaone asanapereke ndalama: makoma a ngalande akhale owongoka, pansi pake pasakhale ponyezimira, mpata wa kiyi yogwirizira pule pa shafiti usakhale wokumbika, ndipo pamene chisindikizo cha oilo chimakhudza pasakhale mzere wozama woti chikhadabo n'kukodwamo.